Kalata Imene Inayenera Kupsa

Ndisanayambe, ndinene kuti mlandu wonse si wanga. Gawo lina ndi la mtsikana wa ku Lilongwe, lina ndi la mkazi wanga, ndipo langa, nditaliunika bwino, silikwana theka. Komabe nkhalamba imene mukuiona ndi ndowa m'mawa uliwonse pa Lufita ndine.

Zinayamba ndi bipi. Adokotala atandiyeza anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa ngati pali zimene zimandikwiyitsa. Ndinawayankha kuti ine ndilibe mkwiyo, ndili ndi umboni. (Ndinagwira ukalaliki zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo palibe pepala limene linasowapo m'manja mwanga.) Mwana wanga Lusekelo atamva, anandilembetsa ku maphunziro a ku holo ya tchalitchi, a Loweruka awiri, otchedwa kumasula mtima.

Wophunzitsa anali mtsikana wa ku Lilongwe uja, wa magalasi aakulu, amene ananena moni wa kwathu kuno, "Monire mose", ngati akumeza fupa. Anayamba ndi kutiphunzitsa kupuma, ngati kuti zaka zonsezi ife takhala tikupumira m'makutu. Kenaka anati aliyense akalembe zonse zimene munthu wina anamulakwira, Loweruka lotsatira tidzatenthe pamodzi.

"Mudzapepuka, adada," anatero atandiona ndakwinya nkhope.

"Tilembe makope angati?" ndinafunsa.

Holo yonse inaseka. Mpaka lero sindikuona choseketsa.

Munthu wanga ndinali naye kale: a Sichali, oyandikana nawo nyumba, amene anakhala kutsogolo akupuma mokweza kuposa aliyense. Tsono muyenera kudziwa kuti a Sichali ali ndi chitsime chosaphwa, ndipo chilimwe chikafika, mipopi ikayamba kutulutsa mphepo yokha, banja langa limamwa kwa iwo. N'chifukwa chake mwa anthu onse a m'dera lathu, iwo okha ndinali ndisanawalemberepo kalata.

Ndinakhala pansi Lachiwiri. Ndinalowetsa pepala la kaboni monga amachitira munthu aliyense wolongosoka, poganiza kuti choyambirira chipse, kope likhale mu fayilo. Anatuluka masamba asanu ndi anayi, mfundo makumi atatu ndi ziwiri, iliyonse ndi nambala yake. Munali mbuzi imene inadya mbande zanga za khofi zochokera ku Misuku. Munali wilibala imene anabwereka ili chete n'kuibweza ikulira. Munali mpanda umene unasunthira kwanga phazi limodzi ndi theka (ndinayeza kawiri). Pofika tsamba lomaliza cholembera chinali chitatentha, ndipo kaimbidwe kawo mu kwaya ya abambo ndinakafanizira ndi chigayo cha dizilo chikamatha mafuta.

Zoona, ndinapepuka. Ndinapepuka kwambiri moti manja anachita zimene anazolowera mutu osadziwa. Ndinasaina, ndinapinda patatu, ndinaika mu envulopu, ndinalemba dzina la a Sichali pamwamba, n'kuisiya pa wailesi.

Loweruka m'mawa, nditavala jekete, pa wailesi panalibe kanthu.

"A Nakaonga, envulopu inali apa ili kuti?" ndinafunsa mkazi wanga.

"Ndinapereka Lachinayi."

"Munapereka kwa ndani?"

"Kwa mwini wake. Si munalemba dzina? Bambo a Lusekelo, chikwatirane kalata ya pa wailesi ndi yopita. Nditachedwetsa ya kwa mkulu wa msika ija, munandisungira mkwiyo mlungu wathunthu."

"Imeneyo inali yotentha!"

"Yotentha mumaimata? Ine ndinadabwa kulemera kwake, ndimati mukuwapempha mwana."

Ku holo ndinapitabe, popeza kujomba kukanakhala kuvomera mlandu. Panja anali atasonkha mbaula, ndipo anthu ankabwera mmodzimmodzi, kuponya pepala, kukoka mpweya, ena kuomba m'manja. Ine m'thumba ndinali ndi kope. Koma tandiuzani, ndani amatentha kope pamene choyambirira chili m'manja mwa mbali inayo? Ndinang'amba tsamba losalembedwa, ndinaliponya. Mtsikana uja anandigwira mkono, maso ali ndi misozi, nati akundiona kuti ndasintha.

A Sichali anaponya kapepala kakang'ono ngati ka mankhwala. Atatha anandikodola, tinapita kuseri kwa holo, iwo n'kusolola envulopu yanga m'jekete.

"Kalata yinu napokera, adada. Yewo chomene," anayamba motero, kundithokoza m'chilankhulo cha kwathu kuti kalata ailandira, kenaka anavala magalasi. "Nambala folo, mbuzi ija sinali yanga, inali ya mpongozi wanga. Nambala seveni, za wilibala, ndavomera. Koma chigayo cha dizilo, adada? Ine? Munthu amene ndinaimba pa ukwati wa Lusekelo?"

Ndinafotokoza kuti kalatayo sinayenere kuwafika, inayenera kupsa.

"Ndiye munaisainiranji?"

Ndinangoona m'maganizo chilimwe chonse mkazi wanga akutsika ku mtsinje ndi mawondo ake aja, ndipo ndinamva pakamwa panga pakufunsa motsika ngati nkhani ya chitsime ikhudzidwa.

"Madzi alibe mlandu," anatero a Sichali. "Koma amama apumule, atopa ndi kunyamula makalata. Mwini kalata azibwera yekha ndi ndowa m'mawa uliwonse, tizikambirana nambala imodzi patsiku."

Ndinavomera. Tikubwerera kwa anthu, ndinafunsa, mongocheza, za kapepala kawo kaja.

"Kanali ka inu."

"Ka ine? Munalembapo chiyani?"

"Ndaiwala, adada. Si kapsa?"

Lero tafika nambala naintini. Zisanu ndi chimodzi ndapambana, zinayi ndabweza, ndipo ya mpanda tinakayezanso limodzi n'kupeza kuti unasunthira kwawo (chingwe chawo ndikuchikayikira). Bipi yatsika. Adokotala akuti ndi ndowa, Lusekelo akuti ndi maphunziro, ndipo ndamva kuti mtsikana uja akumanditchula ku Chisenga ngati chitsanzo cha gogo amene anamasula mtima. Anthu akuti phunziro lake n'loti mawu oyenera kukambirana pachitsime usawasunge mu fayilo zaka makumi awiri. Mwina.

Koma kapepala kaja kakundidya. Munthu angandinenere mlandu, n'kuutentha pamaso panga, ine osauwerenga, osauyankha? Dzulo ndinawalembera kalata yopempha kuti akumbukire zimene analembazo ndi kundipatsa molemba pasanathe masiku khumi ndi anayi. Imeneyi ndinakapereka ndekha. Anailandira ndi manja awiri, anathokoza, anaikolezera mbaula ya tiyi, n'kundifunsa ngati ndimathira shuga.

Mwayi wake kope ndili nalo.