Pempho la Masekondi Khumi ndi Imodzi

Kwa Wolemekezeka Mkulu Woona za Misewu ndi Kuyenda Bwino kwa Anthu,
Ofesi ya Pamwamba Penipeni,
Nyumba ya Khonsolo ya Mzinda.

Bwana wanga wolemekezeka,

Ndayamba ndapukuta kaye nsapato ndisanakhale pansi kulemba kalata ino, poopa kudetsa kapeti wa mu ofesi yanu ngakhale ndi mawu okha. Ine ndine mphunzitsi wa jogalafe, munthu wamba wa imvi zongoyamba kumene. Ndinasamukira mumzinda wanu uno miyezi isanu ndi iwiri yapitayo pamodzi ndi mkazi wanga ndi bambo anga. Cholinga changa ndi kuthokoza. Mawu ena akamveka ngati dandaulo mundikhululukire, ndi kusazolowera kuyankhula ndi anthu akuluakulu.

Mundilole ndiyambe ndi bambo anga, chifukwa nkhani yonseyi ndi ya mwendo wawo wamanzere.

Bambo ananyamula makalata kwa zaka 34 m'katauni komwe ndinabadwira. Ku positi anawapatsa njinga, koma iwo ankaisiya itatsamira khoma, ati njinga imakudutsitsa anthu usanawapatse moni. Ndimawakumbukira akutulukira pangodya ya msewu wathu dzuwa litapendeka, chikwama chopanda kanthu chikuwamenya m'chiuno, chipewa cha ntchito chitapendekera kukhutu, agalu atatu kapena anayi akuwaperekeza ngati ali nawo pa ntchito. Mukawafunsa kutalika kwa malo sankakuuzani makilomita. Ankati, “Ukadutsa mageti asanu ndi galu mmodzi wolusa, wafika.”

Chaka chatha anadwala sitiroko, mwendo uja n'kuyamba kukoka. Adokotala analamula kuti aziyenda tsiku lililonse, ndipo Lachiwiri ndi Lachisanu azipita kuchipatala kukawongola mwendowo, apo ayi udzauma. Atandisamutsira ntchito kuno ndinawapempha bambo kuti tipitire limodzi, chifukwa chimwalirireni amayi, kunyumba yakale kulibenso wowapatsa ngakhale madzi akumwa. Anavomera, koma anayika lamulo limodzi: “Ine si katundu, iwe. Kumene ukunditengerako ndizikatuluka pakhomo ndekha, n'kubwera ndekha. Zikakanika, udzanditsitsire sutikesi yanga.”

Apa m'pamene munandithandiza koyamba, bwana, ndi kabuku kanu kokongola kaja kofotokoza madera a mzinda uno, kokhala ndi chithunzi cha banja likuseka pansi pa mitengo. Pakati pake munaikapo mapu. Munthu wa jogalafe ukamupatsa mapu wamupatsa mtima pansi. Ndinawayala patebulo, ndinabwereka ulusi m'kabokosi kosokera ka mkazi wanga, n'kuchita zomwe ndakhala ndikuphunzitsa ana kwa zaka makumi awiri: ugoneke ulusi motsata njira, uudule, uuyeze pa rula. Dera lomwe tikukhalali linapambana onse. Msika, mphindi zisanu ndi ziwiri. Chipatala, mphindi khumi. Ndinasunga timaulusi tonse mu envelopu, kalikonse ndi dzina lake.

Bambo anavala magalasi, anawerama pamapu paja kwa nthawi, kenako anafunsa: “Agalu ali pati apa? Nanga pomwe pamaima madzi mvula ikagwa?” Ndinaseka, n'kuwafotokozera za sikelo ya mapu. Nyumbayo tinakaiona Lamulungu m'mawa, misewu ili zii, mbalame zikumveka. Mkazi wanga anandichenjeza kuti nyumba saionera Lamulungu, monga mwamuna samusankhira mu suti ya kutchalitchi. Koma ine ndinali ndi envelopu m'thumba. Mawu a akulu amakomadi akagonera.

Tsopano zothokoza zija.

Choyamba, ndikuthokoza chifukwa cha kanjira ka oyenda pansi ka mumsewu wathu. N'kosalala bwino, kasimenti yeniyeni, ndipo kamathera pa nyumba yachitatu kuchokera pathu, pomwe munadzalapo mtengo wa magetsi pakatikati. Ndamva ena akunyoza kuti kanjirako kalibe ntchito. Amenewo ndi ansanje. M'mawa uliwonse pamaima galimoto zinayi, ndipo sindinaonepo imodzi itadetsa matayala. Ife timayenda m'mphepete mwa ngalande kuti tisazikande.

Chachiwiri, ndikuthokoza chifukwa cha msewu waukulu umene uli pakati pa ife ndi chipatala. Pamapu panu ndi kamzere kofiira kowonda ngati tsitsi, ndipo ulusi wanga unauwoloka osayang'ana n'komwe kumanja kapena kumanzere. Lolemba loyamba ndinapeza kuti kamzereko kali ndi mizere isanu ndi umodzi ya galimoto, malole, mabasi, zonse zikuthamanga ngati zaitanidwa ndi inuyo. Simunatiiwale, ayi. Munatimangira mlatho wa oyenda pansi kumtunda uko, ulendo wa theka la ola, wa masitepe 62. Bambo anaima pansi pake, anakweza mutu mpaka chipewa kutsala pang'ono kugwa, n'kunena kuti, “Uwu ndi wa opita kumwamba. Ine nthawi yanga sinakwane.”

Chachitatu, ndipo apa mtima wanga ukusefukira, ndikuthokoza chifukwa cha maloboti a pafupi ndi kwathu. Munthu ukadina batani, umadikira, kenako kamunthu kobiriwira kamayaka. Ndakawerengera ndi wotchi kambirimbiri: kamakhala masekondi asanu ndi anayi. Sindikukayika kuti munayeza bwino, mwina ndi mnyamata wothamanga mipikisano, kapena ndi munthu amene akuthawa njuchi. Bambo anga, ndi ndodo yawo ndi mwendo wawo, amafunika masekondi makumi awiri. Choncho kamunthu kofiira kamawapeza atangofika pakati pa msewu, pa kachilumba ka simenti kopapatiza ngati benchi ya m'kalasi. Mwanzeru zanu, pa kachilumbapo simunaikepo batani. Wofika pamenepo amadikira kuti kutsidya kutulukire munthu wina wofuna kuwoloka, adine. Akapanda kutulukira, basi, wasamukira pomwepo.

Ndisabise, kachilumbako kawapatsa bambo anzawo. Pamakumana anthu omwe mzinda uno umawapitirira: mayi wina woyembekezera, agogo aakazi ovala jekete lofiira amene amapita kukabaya jakisoni wa shuga, ndi bambo wina wogwiritsa ntchito ndodo ziwiri, amene anzake amamutchula kuti Mapasa. Amaima mondondozana, mapewa kugundana, malole akuwakupizira mphepo mbali zonse. Bambo amadziwa kale mayina a zidzukulu za aliyense. Tsiku lina anabwera akuseka, ati agogo a jekete aja anawauza kuti, “Inu a Positi, tikapitiriza kukumana pano anthu ayamba kutinena.” M'katauni kathu kale anthu ankachezera pakhonde la sitolo. Inu mwatipezera khonde latsopano, ndipo sitinakupempheni n'komwe.

Koma panali tsiku lina Lachisanu, mwezi wachitatu tili kuno. Bambo anali okha pakachilumba, kutsidya kulibe wodina. Anaima kwa mphindi pafupifupi makumi anayi, dzuwa lili pamutu. Kenako lole ina inadutsa pafupi kwambiri, galasi lake lam'mbali n'kukwapula chipewa chawo, chija cha ku positi chimene anachisunga atapuma ntchito. Anachiona chikugudubuzika, basi ina n'kuchiponda. Kuchipatala sanafike. Nditaweruka ndinawapeza atakhala pabedi, mutu uli pamtunda, ndipo ndinadabwa kuona kuti dazi lawo ndi lalikulu chotero. Sanakalipe. Anangoti, “Tsitsa sutikesi ija.”

Bwana, ndaimapo pamaso pa ana makumi asanu ndi limodzi osamvera, koma sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo. Envelopu ya ulusi inali ikadali mu dirowa.

Amene anatipulumutsa si ine. M'mawa mwake mkazi wanga anapita kukafuna chipewa cha apongozi ake, ngakhale chitakhala chigamba. Anachipeza kutsidya kwa msewu, pa kabokosi ka wosoka nsapato amene amakhala pansi pa ambulera yong'ambika, pafupi ndi mtengo wa maloboti. Anthu amamutchula kuti a Chidendene. Anali atachitola, atachiwongola ndi nyundo, n'kusoka mlomo wake ndi ulusi wa nsapato. Anamuuza mkazi wanga kuti dzulo lija anachokapo kukagula zomatira, akanakhalapo sizikanachitika. “Kawauzeni madalawo abwere,” anatero. “Kuyambira lero batani ili ndi langa. Munthu woyenda pansi ndi kasitomala wanga, ndingamusiye aumire pakati pa msewu?”

Kuyambira tsiku limenelo zinthu zimayenda motere. Bambo amadina kuno, amafika pakachilumba, amakweza ndodo. A Chidendene amaika nsapato pansi, amatambasula dzanja n'kudina, uku akukuwa, “A Positi, limbani! Kalata yanu ikubwera!” Bambo amayankha kuti, “Fulumirani, Nduna ya Batani, anthu anu tikupsa!” Pobwerera amakhala pa kampando ka makasitomala kupumula, n'kumakangana za nsapato za masiku ano zimene sizisokeka. A Chidendene amadinira aliyense, agogo a jekete, Mapasa, mayi uja amene tsopano amawoloka ndi khanda. Bambo sanajombenso kuchipatala, ndipo adokotala akuti mwendo ukumva. Sutikesi inabwerera pamwamba pa wadiropu, ngakhale ndaona kuti chogwirira chake anachilozetsa kunja.

Izi zikundifikitsa pa chachinayi. Ndikuthokoza chifukwa cha chikalata chimene anyamata anu anamata pa ambulera ya a Chidendene sabata yatha, cholamula kuti achoke pamalopo pofika kumapeto kwa mwezi uno. Ndinachiwerenga kawiri, ndipo chalembedwa bwino, chidindo chili pamalo pake. Chifukwa chake akuti bamboyu akutsekereza njira ya oyenda pansi. Ndinagoma, bwana. Mumzinda wonse uno, wa galimoto zogona pa tinjira tathu ndi mitengo ya magetsi yomera pakati pa simenti, diso lanu lakuthwa lapeza munthu mmodzi amene akutivutitsa ife oyenda pansi. Bambo atamva anangoyang'ana pamwamba pa wadiropu.

Ndafika pa pempho langa, ndipo ndikulipereka ndi manja awiri.

Sindikupempha mlatho wina, kapena mitengo ija ya pachithunzi. Ndikupempha masekondi khumi ndi imodzi, muwawonjezere pa asanu ndi anayi aja. Ndikudziwa kuti nthawi ya mzinda ndi yodula, ndipo eni galimoto angafike mochedwa ndi masekondi amenewo pa mzere wotsatira woti aimepo. Koma ndaona kuti inuyo mukamadutsa, apolisi amaimitsa msewu wonse kwa mphindi zingapo ndipo mzinda sugwa. Mwina mungatipatseko nyenyeswa za pamenepo.

Ngati masekondi asowa, tisiyireni a Chidendene ndi ambulera yawo. Akugwira kale ntchito ya ofesi yanu, ndipo sanapemphepo mpando wozungulira.

Zonse ziwiri zikakanika, ndili ndi kapempho kotsiriza, kochokera kwa bambo eniake. Akuti mudzabwere Lachiwiri loyamba la mwezi wamawa, nthawi ya naini m'mawa, mudzawoloke nawo. Za galimoto yanu musade nkhawa, pakhomo pathu pali malo osalala bwino oimikapo, a simenti yeniyeni. Akuti adzakugwirani mkono, ndipo mudzayenda pa liwiro lawo. Mukadzafika pakachilumba mudzaime chammbali, mimba mutaibweza pang'ono chifukwa cha malole, chipewa mutachigwira. Kenako mudzayang'ane kutsidya, pamalo oyera bwino pomwe panali ambulera, ndipo mudzadikire limodzi. Bambo ndi munthu wocheza, simudzasungulumwa. Adzakufunsani za ana anu, za kwanu, za kumene munaphunzira kuyeza misewu. Akuti nthawi zambiri pamapezeka munthu wodina ola lisanathe.

Ndaikamo m'kalata muno kaulusi kamodzi, kolembedwa kuti “Chipatala, mphindi khumi”. Ine ndathana nako. Mwina kangathandize ku ofesi kwanu, poti ndikuona kuti ine ndi inu tinaphunzira sukulu imodzi.

Ndine wanu wogonjera, woyenda m'mphepete mwa ngalande mwaulemu wonse,

Mwana wa wonyamula makalata,
Nyumba yachitatu musanafike pomwe kanjira kanathera.