Tsiku Limene Ndinawononga Chigoli cha Singano

Mu Chawama muli madala ena amene mpaka lero akandiona amayamba apukusa mutu asanandipatse moni. Sindinabe nkhuku ya munthu, sindinathawitse mkazi wa mwini. Mlandu wanga ndi wa mwendo wakumanja, ndipo ndinaupalamula Loweruka lina masana, komboni yonse ikuona.

Ndiyambe ndi Yusufu. Tinakulira nyumba zoyang'anana, ndipo mpira wathu woyamba tinaumanga ndi nsanza zotola pansi pa makina a bambo ake. Bambo akewo, ba Saidi, anali telala wochokera ku Malawi, munthu wa chipewa choyera ndi mawu ochepa. Yusufu anthu anamutcha Singano, chifukwa ankabowola pakati pa anthu atatu osakhudza ndi mmodzi yemwe.

Zinali zaka za chipani chimodzi, masiku oima pa mzere wa sopo ndi shuga kuyambira m'mawa, nkhani ya pamzerepo ili ya mpira basi. Timu yathu ya mu komboni inali ndi bwalo lafumbi lopendekera mbali imodzi, koma Singano akamasewera ngakhale azimayi a pamsika ankavundikira tomato n'kubwera. Anthu a matimu a ku migodi anabwera kawiri kudzamutenga, akumulonjeza ntchito ndi nyumba ya magetsi. Anakana.

"Nikayenda kuja nizankhala chabe nambala naini," anandiuza. "Kuno ndine Singano."

Anasewerera timu yomweyo kuyambira ali mnyamata mpaka ana ake atayamba sukulu.

Inenso ndinali mu timuyo. Ndinene zoona, ndinali wa pa benchi (thabwa logoneka pa njerwa ziwiri, limene msomali wake uliwonse ndinkaudziwa bwino). Kochi wathu, ba Mulenga, ankati ndili ndi mtima wa mpira, kungoti miyendo anandipatsa ya munthu wina.

Bondo la Yusufu litayamba kutupa, analengeza kuti masewero athu ndi anyamata a ku Kanyama adzakhala ake omaliza. Chachikulu chinali chakuti ba Saidi anavomera kubwera. Zaka zonsezo ankatisokera majezi, koma kubwalo anali asanapondeko, poti ankati kuthamangitsa chikopa si ntchito ya munthu wamkulu. Yusufu sanabise kuti ankafuna chigoli chimodzi chokha, bambo ake achione ndi maso.

Anapemphanso ba Mulenga kuti andilowetseko chakumapeto. "Tinayamba tonse, tisilize tonse," anatero. Ba Mulenga anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuvomera monyinyirika.

Ndinakonzekera ngati ukwati. Nsapato zanga zinali zitayasama, ndiye ndinabwereka za mlamu wanga, munthu wa mapazi ngati makasu, n'kuzitsendera nyuzipepala kutsogolo. Ndinaitananso Esinati, mtsikana wogulitsa vitumbuwa amene ndinkamufuna. Ndinali nditamuuza kale kuti ba kochi amandisungira masewero ovuta okhaokha (bodza limeneli linakhalitsa chifukwa Loweruka Esinati ankakhala ku kwaya).

Tsikulo anthu anadzaza mpaka pamadenga. Ba tcheyamani a chipani anayamba ndi mawu, ochuluka ndithu, ndipo ba Saidi anakhazikidwa pa mpando pafupi nawo, ambulera ili m'manja. Mpira utayamba, a Kanyama anamuikira Singano anthu awiri omutsatira kulikonse. Tinapita kokapuma palibe wagoletsa. Chigawo chachiwiri chimodzimodzi. Yusufu anayamba kutsimphina, akuponyaponya maso kumpando kuja.

Patatsala mphindi khumi ba Mulenga anandikodola. Ndikulowa, Yusufu anandigwira paphewa.

"Iwe, uime chabe kutsogolo, uwakoke aja bamene banilonda. Bola usaigwire."

"Namvela," ndinayankha.

Sindinamvere. Mpira woyamba umene unandiyandikira ndinauponyera mwendo ndi mphamvu zanga zonse. Mpira unapitirira osakhudzidwa, koma nsapato ya mlamu inauluka, nyuzipepala zikuwayika m'mwamba, n'kukagwera pafupi ndi mtengo wa golo la a Kanyama. Bwalo lonse linaseka, ngakhale ba tcheyamani. Ndinapita chodumphadumpha kukaitola, n'kukhala pansi pomwepo kuti ndivale.

Ndili mkati momanga zingwe ndinamva phokoso likukwera. Nditadzutsa mutu ndinaona zimene sindidzaiwala. Singano anali atabwerera ku unyamata wake. Anadutsa woyamba, wachiwiri anagwa chagada, wachitatu anangotsala atagwira m'chiuno. Wa pagolo anatuluka, Yusufu n'kumuzungulira, kenako anaukankha mpira pang'onopang'ono kulunjika m'golo lopanda munthu. Sanadikire kuti ulowe. Anatembenuka manja ali m'mwamba, akuyang'ana bambo ake.

Mpira unabwera ukugubuduzika mwaulemu pafumbi, ukudutsa pamaso panga. Ukanalowa wokha, pamenepo ndilibe chokana. Koma inu, zaka zonse zija za pa thabwa, golo lili pululu, Esinati akuona. Ndinadzuka. Ndinaumenya ngati wandilakwira, ukonde n'kugwedezeka.

Ndinathamanga kulunjika kwa Esinati ndikukuwa, zingwe zikukokeka pansi. Ndinafika pakati pa bwalo ndisanazindikire kuti ndikukondwera ndekha. Wa mbendera anali ataimika mbendera yake. Poti ndinali kutsogolo kwa mpira ndi kwa a Kanyama onse, kuukhudza kwangako kunausandutsa ofusaidi. Chigoli chinakanidwa, ndipo posakhalitsa wenzulo yomaliza inalira.

Ba Mulenga anakhala pansi pafumbi, manja kumutu. Esinati anasenza beseni lake n'kumapita osacheuka. Mayi wina anafunsa mokweza kuti, "Nanga uyu anamubala nindani?" Amayi anga anali ataima pafupi naye, ndipo anangoyang'ana kumbali.

Yusufu ankabwera kwa ine akutsimphina, nkhope ili gwa, koma ba Saidi ndi amene anayamba kufika. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kutembenukira kwa mwana wawo maso atalengeza misozi.

"Ndaona, mwana wanga. Wawapitirira anthu onse aja, ndiye pomaliza wamusiyira mnzako kuti naye amveko kukoma. Ndinkayesa mpira ndi masewera a anthu odzikonda. Ndinakulera bwino."

Mdala sankadziwa za ofusaidi. Ankayesa tapambana.

Yusufu anangoti, "Zikomo, bambo." Mdala atachoka, Yusufu anandinong'oneza kuti, "Ukakabauza chabe, nizakutyola mwendo wamene uyo."

Palibe anawauza. Komboni yonse, anthu osasunga chinsinsi ngakhale cha maliro, inasunga chimenechi. Ba Saidi ankafotokozera aliyense wobwera kudzayezetsa thalauza za chigoli chimene mwana wawo anapatsa mnzake, mpaka anamwalira akukhulupirira zomwezo. Ine ndinatsala ndi dzina la ba Ofusaidi, ndipo Esinati anakwatiwa ndi wa pagolo wa ku Kanyama uja.

Pabwalo paja lero pali nyumba zokhazokha. Yusufu amayendera ndodo, ine ndili ndi mano owerengeka. Mwezi wathawu tili pakhonde pake tikumwa tiyi, anandifunsa.

"Kamba zoona, mudala. Siku ija ikabwelanso, ungaisiye bola?"

"Ningaisiye," ndinatero msangamsanga.

Anandiyang'ana pamwamba pa kapu.

"Boza."

Ndinafuna kulumbira, koma nditatseka maso ndinauonanso mpira uja ukubwera pang'onopang'ono pafumbi, ndipo ndinangopempha kuti andiwonjezere tiyi.