A Kalebe Amene Sankasankha

Aliyense amene anakhalako kwathu ku Nachisaka matipate atangofika, ukamutchulira a Kalebe Mchenga amayamba waseka kaye. A Kalebe sankasankha. Ankakana kwamtuwagalu kuti munthu angasankhe kanthu. Kwa iwo zonse zinalembedwa dziko lisanalengedwe: wopita kumwamba, wopita kumoto, ngakhale nkhuku yodzaphedwa pa Khirisimasi. Ine ndinali mphunzitsi pa pulayimale komanso mlembi wa mpingo wathu, ndipo ndinkati Mulungu amaitana koma kuyankha nkwa munthu. Tinakangana zaka khumi ndi zisanu. Sindinapambanepo ndi kamodzi komwe, ndipo zinkandiwawa kuposa dzino.

Njinga yawo inalibe mabuleki. Inu mukudziwa zitunda za ku Dowa, kuti ngakhale mbuzi imatsika moganizira. A Kalebe ankatsika chipewa chili m'thumba, jekete ikuwuluka, akuimba nyimbo ya m'buku. Amayi ogulitsa tomato akangomva nyimboyo ankanyamula malichero nkuthawira kuseri kwa mitengo. Che Bilal, mwini golosale ya m'munsi mwa chitunda, tsiku lina anawatulutsira mabuleki atsopano.

"A Kalebe, tengani awa ulere. Khonde langali mwaligumula kawiri."

"Linalembedwa kugumuka. Si inu Asilamu mumati tsiku la munthu analemba ndi Mulungu?"

"Timatero, koma mbuzi timamanga kaye, kenako nkudalira Mulungu. Nanga bwanji mukafika apa mumakwekwesa chidendene pansi?"

"Chidendenecho chinalembedwa kukwekwesa."

Kunyumba nkhani inali yomweyo. Mayi Manesi, akazi awo, akafunsa kuti ndiwo zikhale nyemba kapena nkhwani, yankho linali lakuti, "Zimene zibwere." Tsiku lina atatopa anawaikira mbale yopanda kanthu nkunena kuti, "Lero zabwera zimenezi, bambo." A Kalebe anavula chipewa, nkuyamika Mulungu motalika, kenako ananyamuka kukadya kwa mlongo wawo. Pobwera anati miyendo inawatengera yokha.

Pa riferendamu ya matipate aliyense ankapatsidwa mapepala awiri, la nyali ndi la tambala wakuda, kuti aponye limodzi. A Kalebe anapita chifukwa mayi Manesi anawakoka. Analowa m'kachipinda kovotera nkukhalamo mpaka mzere unafika kumjigo. Woyang'anira atasuzumira anawapeza ataika chipewa pansi chagada, akuponya mapepala onse awiri m'mwamba. Limene linagwera m'chipewa ndi limene analowetsa m'bokosi.

"Ndiye mwavotera chiyani, a Kalebe?" tinawafunsa atatuluka.

"Sindinayang'ane. Si nkhani yanga."

Chaka chotsatira, alaliki achinyamata a ku Lilongwe anabwera ndi zokuzira mawu kudzachita chitsitsimutso pa bwalo la sukulu. Anawaitana ndine, ndipo ndinakhala kutsogolo nditavala taye. Mlaliki anafuula mpaka thukuta, kuti aliyense wofuna kupulumuka akweze dzanja, asankhe Yesu lero. Manja anakwera ngati chimanga. Kumbuyo kunamveka chifuwa, ndipo chifuwa chimenecho ndinkachidziwa: chinali cha a Kalebe.

"Mnyamata, pepa pang'ono. Kodi Lazaro m'manda muja anakweza dzanja?"

Ine ndinaimirira kuti ndipulumutse mlendo wanga.

"A Kalebe, Lazaro anatuluka ndi miyendo yake. Sananyamulidwe."

"Miyendo ya mtembo wa masiku anayi, aphunzitsi? Inayamba ndi iyo kuganiza zoyenda?"

Bwalo lonse linafa nalo phwete, ndi alendo omwe. Lolemba lake ndinapeza ana ajambula miyendo iwiri pa bolodi, ndipo kuyambira pamenepo sukulu yonse inkanditchula kuti Miyendo ya Lazaro. Ndinkaseka nawo, koma m'kati ndinasunga kanthu.

Apa ndi pamene nkhani yanga imayamba kundichititsa manyazi. Patapita miyezi ingapo ndinaona kuti a Kalebe asiya kudya mgonero. Kutchalitchi ankabwera, ankaimba kuposa aliyense, koma mbale ya mkate ikayandikira ankatuluka panja. Tsiku lina tikuchokera kumsika, iwo akukankha njinga pachitunda, ndinawafunsa. Anaimitsa njinga pakati pa chitunda.

"Aphunzitsi, ndikuuzeni inu nokha. Ndakalamba, ndipo mtima wanga ndikuudziwa. Nanga ngati dzina langa mulibe m'buku la moyo? Kudya chakudya cha ana usakudziwa ngati ndiwe mwana, si kuba kumeneko?"

Munthu amene sankaopa chitunda chilichonse ankaopa kachidutswa ka mkate. Mnzawo weniweni akanawagwira paphewa. Ine ndinaona mpata wopambana.

Lamulo la pa mpingo pathu linali lakuti wodumpha mgonero katatu popanda chifukwa amadulidwa, ndipo wodulidwa akamwalira mpingo suimba pa maliro ake. Ambiri ankadumpha, ife nkumayang'ana kumbali. Koma dzina la a Kalebe ndinalitengera ku bwalo la akulu ampingo ndi manja anga. Sindinkafuna kuti adulidwe ayi. Ndinkangofuna kumva pakamwa pawo mawu amodzi okha pamaso pa anthu.

Abusa athu, munthu wofatsa, anati, "A Kalebe, bwererani ku gome, nkhani ithe."

"Akandikoka Mwini wake ndibwera, abusa."

Abusa anali atayamba kale kutseka buku. Ndinalowerera ndine.

"Ayi, anene momveka. Anene kuti, ndasankha kubwerera."

A Kalebe anandiyang'ana. Sanakwiye, ndipo sananene kuti ndikudziwa chifukwa chawo. Anangoti, "Aphunzitsi, mukufuna ndiname m'nyumba ya Mulungu?" Akulu ena anang'ung'udza kuti uku nkudzikuza. Anawadula miyezi isanu ndi umodzi, ndipo analemba m'buku ndine. Ndinadziuza kuti akafewa pang'ono tidzawabwezera.

Anamwalira m'mwezi wachinayi wa chilangocho. Si njinga ayi, ngakhale mudzi wonse unali utakonzeka kuti zidzatero. Chinali chibayo, pa mphasa pawo, masiku atatu okha. Abusa anali ku msonkhano kutali, mvula itagumula mlatho, choncho mawu onse a mpingo pa maliro amenewo anali kwa ine.

Amayi a Chigwirizano anabwera onse, yunifolomu zawo zoyera zili m'majumbo, kudikira kuti ndiwauze avale. Akwaya anakhala pansi pa mtengo wa mango, mabuku ali pamiyendo. Che Bilal anatseka golosale nkubwera ndi nsalu yoyera. Mayi Manesi anatuluka m'nyumba ya siwa, nkugwada patsogolo panga.

"Aphunzitsi, nyimbo imodzi yokha. Iwo aja ankakonda kuimba."

Ndinayang'ana akulu ampingo amene anali pambali panga. Onse anaweramitsa mitu, kundisiyira ine. Ndinaganiza za buku limene ndinalembamo ndekha, ndi zimene anthu akananena kuti mlembi wadya mawu ake.

"Mayi, lamulo ndi lamulo. Sindingachitire mwina."

Anadzutsa mutu nkundiyang'ana m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Inu, aphunzitsi? Zaka zonsezi mwakhala mukuwauza amuna anga kuti munthu amasankha. Lero ndinu amene simungachitire mwina?"

Sanadikire yankho. Anadzuka nkubwerera m'nyumba.

Tinakwera nawo kumanda popanda nyimbo. Sindikudziwa ngati munaperekezako maliro a chete. Umamva mapazi m'matope, kupuma kwa onyamula bokosi, ndi khasu likugunda mwala. Njira yonse mtsogoleri wa kwaya ankanditembenukira, kudikira kuti ndingogwedeza mutu. Khosi ndinali nalo, mutu ndinali nawo. Ndinayenda nditayang'ana nsapato zanga mpaka dothi lomaliza.

Abusa atabwera anangondifunsa kuti, "Munalephera kuimbitsa ngakhale imodzi?" Sanandidzudzule kuposa pamenepo, ndipo bola akanatero.

Masiku ano ku Nachisaka kulibe wotsutsa. Alaliki amabwera, amafuula, anthu amakweza manja, nkubalalika mwamtendere. Pa bwalo la akulu ampingo ndikalankhula onse amavomera, ndipo misonkhano imatha msanga moti timasowa chochita ndi madzulo. Ndinapambana, ndipo palibe chimene ndinaonapo chozizira ngati kupambana kumeneko. Mayi Manesi amabwerabe kutchalitchi. Lamulungu lililonse amandipatsa moni mwaulemu wonse, kufunsa za ana ndi za kumunda, ndipo ine ndimayankha ndikuyang'ana khoma.

Ndayesapo kudzitonthoza ndi chiphunzitso cha a Kalebe. Ndimadziuza kuti mwina zinalembedwa kuti apite chete, kuti ine ndinali cholembera chabe m'dzanja la Wina. Chikanakhala chopepuka bwanji! Koma ndinathera zaka khumi ndi zisanu ndikutsimikizira mudzi wonse kuti munthu amasankha, ndipo tsopano palibe amene angandichotse pamenepo. Amene akanatha kunditsutsa mpaka ndimve bwino ndi yemwe uja ndinamuika m'manda opanda nyimbo.