Kwa Bwana Wamafilimu Amene Anandipatsa Zibwenzi Ziwiri

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Mafilimu ya Galasi Loyera.

Wolemekezeka Bwana,

Landirani moni wa munthu wamng'ono, telala wa pansi pa masitepe, amene munakhala pa benchi yake miyezi itatu chaka chatha. Ndikudziwa kuti nkhope ngati yangayi siikhalitsa m'mutu mwa munthu wotchuka, choncho ndikukumbutseni. Ndine uja munamuuza kuti mukufuna kujambula filimu yolemekeza anthu odya thukuta lawo. Ndinakukhulupirirani. Ndinakupatsani benchi, ndinakupatsani tiyi m'kapu ya alendo, ndinakupatsaninso pakamwa panga, pamene mayi a kunyumba akhala akunena kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri kuti ndi chinthu chokhacho m'shopu muno chimene ndinalephera kuikapo zipi.

Ndabwera ku ofesi kwanu kawiri. Mtsikana wa pakhomo, waulemu kwambiri, anandiuza kuti muli pa msonkhano. Ulendo wachiwiri ndinakuonani pawindo mukusenda nthochi, ndipo ndinazindikira kuti misonkhano ya anthu akuluakulu siifanana ndi yathu. Ndiye ndati ndilembe poyera, mwina wina akuwerengerani.

Nyumba yathu mukuidziwa. Pansi pali mashopu atatu: langa, la mankhwala ndi saluni. Pamwamba timagona ife eni mashopu ndi mabanja athu. Wa mankhwala timamutcha a Dokotala ngakhale sanabayepo munthu jakisoni, ndipo akazi awo, a Madamu, amaphunzitsa ku sekondale. Mayi a saluni amuna awo ndi a Giya, ophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Pamwamba pa tonsefe pali a Landilodi.

Kuti chilungamo chioneke, ndivomereze mlandu wanga. Ndinakuuzani zinthu ziwiri. Ndinati Lachinayi lililonse lachiwiri, masana, a Dokotala amatseka shopu, n'kulowa mu saluni kudzera khomo la kuseri, n'kutulukamo patatha ola akuimba mluzu. Ndinatinso Lachiwiri lililonse a Madamu akaweruka amakwera galimoto ya a Giya, osati pakhomo pano, koma kuseri kwa bekale. Sindinawonjezere ngakhale ulusi umodzi. Inu munangogwedeza mutu n'kumalemba m'kabuku. Zotsala zonse ndi luso lanu, ndipo ndi lusolo limene ndikufuna kuthokoza.

1. Zikomo chifukwa cha makadi otiitanira kukaonera filimuyo tsiku loyamba. Anali ndi mzere wagolide m'mphepete, ndipo analembedwa kuti mipando yakutsogolo. Sabata ziwiri makina anga sanapume. Ndinasoka suti ya a Dokotala, ndinakulitsa thalauza la a Giya, ndinasoka madiresi a amayi onse. Loweruka masana tinalowa mu holo titatchena, tikununkhira, tikupatsana moni ngati sitikhala nyumba imodzi. Mbuzi yopita kophedwa siivala tayi, Bwana, koma ife tinavala.

2. Zikomo potibisa mwaluso. Filimu isanayambe panatuluka mawu akuti anthu onse a m'nkhaniyi ndi ongopeka. Mtima wanga unakhala pansi. Kenako panabwera wogulitsa mankhwala wotsimphina mwendo wamanja, pamene a Dokotala amatsimphina wamanzere. Ndani akanawazindikira? Panabweranso galimoto yophunzitsira yophwanyika chitseko, imene munabwereka kwa a Giya enieniwo. Telala wa m'filimu anavala magalasi anga omanga ndi ulusi wakuda, tepi yanga pakhosi, ndi juzi yanga yofiirira imene mayi a kunyumba anandilukira. Mphindi zisanu zisanathe, munthu wina kumbuyo anakuwa kuti, "Ee, koma ndi a Dokotala awo!" Holo yonse inaombera m'manja, ndipo a Dokotala anaimirira n'kuwerama. Anali asanadziwe kumene nkhani ikupita.

3. Zikomo pondiphunzitsa zimene zimachitika m'shopu mwanga. M'filimu yanu wa mankhwala ali pa chibwenzi ndi wa saluni, mwamuna wa wa saluni ali pa chibwenzi ndi mphunzitsi, mphunzitsiyo ndi mkazi wa wa mankhwala, ndipo onsewa amakumanirana kuseri kwa katani yanga yoyeserako zovala. Bwana, kachipinda kameneko munthu akatambasula zigongono amakhudza makoma onse awiri. Muli ndowa, tsache, ndi chidole choyeserapo madiresi chothyoka khosi. Momwe munalowetseramo anthu anayi mosinthanasinthana osagwetsa ndowayo, ndi sukulu yokha imene ingafotokoze.

Koma mphatso yaikulu munasungira ine. Pakati pa filimu zinadziwika kuti amayi awiri onsewo, wa saluni ndi mphunzitsi, mtima wawo weniweni uli pa telala. Munandisankhira mnyamata wamtali, wa tsitsi lonse, wa mawu ngati injini ya lole. Akamayeza chiuno cha mayi ankaluma tepi ndi mano, maso ali mwa mayiyo. Ine ndinayang'ana pansi, kudikira kuti chikwama cha mayi a kunyumba chitere pamutu panga.

M'malo mwake ndinamva mpando ukugwedera. Mayi anali kuseka. Anaseka mpaka misozi, anaseka mpaka kutsokomola, mpaka mayi wina wa mzere wachiwiri anawapatsa madzi. Atapeza mpweya ananena mokweza, holo yonse ikumva: "Bambo awa? Awa amene akafika poyeza pachifuwa amapereka tepi kwa kasitomala n'kuyang'ana kudenga? Awa anatenga zaka ziwiri kuti andifunse dzina? Zibwenzi ziwiri! Abale, ndigwireni ndingafe!"

Amuna ena akazi awo amawakayikira, ndipo amadandaula. Ine wanga sanandikayikire ngakhale mphindi imodzi, pamaso pa anthu mazana atatu. Ndikuuzeni zoona, Bwana, chikwama chikanapweteka pang'ono.

4. Zikomo pobweretsa choonadi pakati pathu. Magetsi atayaka, palibe anaombera m'manja pa mzere wakutsogolo. Titafika pabwalo la holo, a Madamu anali atagwira kale tayi ya a Dokotala, ndipo nsapato ya mayi a saluni inali itadutsa pafupi ndi khutu la a Giya. Aliyense anali wolakwiridwa, aliyense anali woimbidwa mlandu. Anthu anatizungulira, ena akujambula ndi mafoni, osakubwerekani kamera.

Mayi a saluni ndiwo anayamba kutopa. Anakwera pa sitepe, analoza a Dokotala n'kunena kuti, "Banja langa lisathe chifukwa cha mutu wa munthu wina. Bambo awa amabwera kudzadaya imvi! Mutu wonsewu ndi woyera ngati thonje, ndevu zomwe. Amadzera kuseri kuti akazi awo asadziwe." A Madamu anasiya tayi, n'kuvula magalasi, n'kuyamba kufufuza m'mutu mwa amuna awo ngati akuchonga mayeso. Anapezadi mizu yoyera. A Dokotala anatembenukira kwa mayi a saluni n'kungoti, "Mayi inu, bola mukanangovomera za chibwenzizo."

Kenako inafika nthawi ya a Madamu. Anaulula kuti akhala akuphunzira galimoto mobisa kuti adzadzidzimutse amuna awo pa tsiku lawo lobadwa, koma masiku obadwa awiri adutsa chifukwa mayeso alephera kanayi. Mphunzitsi wa masamu, woopedwa sukulu yonse! Anthu anati umboni uoneke. A Giya anapereka makiyi. A Madamu analiza galimoto bwinobwino, anayang'ana kutsogolo, anaimba hutala mwaulemu, galimoto n'kuthamangira m'mbuyo mpaka kukagwetsa chikwangwani chachikulu chokhala ndi nkhope yanu. A Giya anatambasula manja n'kufunsa akazi awo kuti, "Waona? Munthu wandithera kalachi ziwiri, ine n'kumukondanso?" Mlandu unathera pomwepo. Pepani za chikwangwanicho. Nkhope yanu inapirira tayala mwaulemerero.

5. Zikomo chifukwa cha a Landilodi. Popeza anakulolani kujambula m'nyumba yawo, munawapatsa gawo la munthu woyera mtima yekhayo m'filimu yonse, nkhalamba yanzeru yoima pa masitepe n'kumalangiza achinyamata za kukhulupirika m'banja. Filimu isanayambe munawapatsanso mwayi wolankhula, ndipo analankhula mpaka kupukuta maso ndi mpango.

Chimene simunadziwe n'chakuti chaka chatha, inu musanakhale pa benchi yanga, a Landilodi anandibweretsera mpukutu umodzi wa nsalu yobiriwira ya maluwa achikasu. Anati ndisoke madiresi awiri, ina yaikulu, ina yaing'ono, ndipo eni ake azibwera kudzayesa masiku osiyana. Yaikulu inali ya akazi awo. Yaing'ono inali ya mayi wina wa kutsidya kwa njanji, amene ana ake awiri ali ndi mphuno ya a Landilodi. Mayi ameneyu anauzidwa kuti asabwere ku holo, koma zikwangwani zanu zinali zokopa kwambiri. Wolandira alendo wanu ataona amayi awiri ovala mofanana anaganiza kuti ndi pachibale, n'kuwakhazika pamodzi. Anayamba ndi kuyamikirana nsalu. Anafunsana kumene anaigula. Anafunsana amene anawagulira. Pamene ife tinkafufuza imvi pabwalo, a Landilodi anali atatulukira pawindo la chimbudzi, ndipo nsapato yawo imodzi idakali kwa mlonda wa holo. Akuluakulu sananame, mapanga awiri avumbwitsa.

Nkhani imeneyi sindinakuuzeni, chifukwa za kasitomala zimathera pa tepi. Koma inu munakhala miyezi itatu pa benchi, madiresi awiriwo atapachikika pamwamba pa mutu wanu, ndipo a Landilodi ankabwera kudzawasisita mukuona. Munali ndi makamera atatu, nyale zowala kuposa dzuwa, ndi anthu khumi ndi awiri okuthandizani. Wachimasomaso mmodzi yekha m'nyumba yonse munamupatsa ulaliki. Diso lotere silipezeka wamba.

6. Zikomo potukula ntchito yanga. Tsopano mayi akabwera kudzasoketsa, amabwera ndi mwamuna wake. Mwamunayo amalanda tepi, amayeza yekha, n'kumandiuza manambala ine nditayang'ana kukhoma. Amuna sadziwa kuyeza, Bwana. Ena amawonjezera dala. M'dera lino mwadzaza amayi ovala madiresi ngati matumba a makala, ndipo akafunsidwa anasoka ndani amatchula ine. Kwaya ya amayi imene ndakhala ndikuisokera yunifolomu zaka khumi yapita kwa telala wina, wamkazi. Mbali inayi, agogo ena amasiye a zaka makumi asanu ndi awiri abwera katatu kudzafupikitsa siketi imodzimodzi, ndipo ulendo wachitatu anandifunsa chifukwa chimene sindilumira tepi.

A Dokotala asiya kudaya. Imvi zawakhala, akazi awo akuti akuoneka ngati pulofesa, ndipo madzulo awiriwa amayenda atagwirana manja. Koma ine sandipatsa moni. A Giya ndikamadutsa amakoka chala pakamwa ngati akutseka zipi. Mayi a saluni ndikalowa amazimitsa nkhani n'kuyatsa chowumitsira tsitsi. Anthu amene tinkabwerekana mchere ndi makwerero, amene tinanyamulirana ana kupita kuchipatala, lero akundiona ngati wailesi.

Izi zonse ndikanazimeza. Koma Lamulungu lapitali mwana wanga wamkazi, amene ali ku koleji, anaimba foni. Anzake anaonera filimu yanu, anazindikira juzi ija pa chithunzi chimene iye amasunga pa tebulo lake. Sanaseke ngati mayi ake. Anangoti, "Adadi, mundiuze zoona, ine ndine wamkulu." Ndinamuuza zoona. Mayi ake analanda foni n'kumuuzanso zoona, akuseka. Mwanayo anati wamva. Koma telala amadziwa pamene msoko wagwira ndi pamene wangonamizira.

Tsopano ndifike pa pempho langa, ndipo ndi laling'ono ngati mwini wake. Loweruka likudzali, nthawi ya 2 koloko masana, mubwere kuno. Musavutike ndi makamera. Mudzaime pa masitepe pamaso pa mabanja atatu, mwana wanganso adzakhalapo, ndipo mudzanene ndi pakamwa panu zimene telala anakuuzani ndi zimene munasoka nokha. Tiyi adzakhalapo.

Mukatero mudzatengenso jekete lanu lotuwa, limene munasiya tsiku lomaliza kujambula kuti ndikonze thumba lobooka. Ndinakonza, simudzaona ndi msoko womwe. Pokonzapo ndinapeza zinthu zimene zinagwera m'kati mwa nsalu: ndolo imodzi, kiyi wa chipinda nambala 14 cha nyumba ina yogona alendo, ndi kakalata konunkhira kosainidwa ndi mtsikana uja anasewera ngati mayi a saluni. Sindinakawerenge, kupatula kawiri kokha, pofuna kudziwa ngati n'kofunika. N'kofunika.

Ngati misonkhano ikuchulukirani, musadandaule konse. Akazi anu, mayi aulemu kwambiri, anandilongosolera njira ya kwanu tsiku lija ku holo, akuti akufuna makatani atsopano a pabalaza. Lolemba m'mawa ndidzabweretsa jeketelo ndekha n'kulipereka m'manja mwawo, lositidwa bwino, zonse zili m'thumba mwake, pakuti telala wokhulupirika sachotsa kanthu m'chovala cha kasitomala. Mayi a kunyumba akuti adzandiperekeza. Akuti filimu ya tsiku limenelo safuna kuiphonya.

Ndine wanu wogwada ndi maondo onse awiri,

Telala wa pansi pa masitepe,
mwamuna wa mkazi mmodzi, monga holo yonse inamvera.