Ndili ku Joni, Musandifunefune

Lolemba

Ndabwerera. Akudziwa ndi awiri okha: Nabanda mkazi wanga, ndi galu.

Ku bwalo la ndege ku Lilongwe ndafikako ndithu. Suti, tayi, sutikesi yobwereka, ndi thumba la mtedza wa Tadala, mwana wathu amene wabereka mwana wake woyamba ku Joni. Pageti mlonda womanga nsalu pakamwa akuti, "Bambo, ndege zaima, kuli kolona." Ndamuyang'anitsitsa. Zaka zonsezi ndege zakhala zikudutsa pamwamba pa munda wanga ku Chiosya, zikaime tsiku loti ndikweremo ine? Apa pali dzanja la munthu.

Tadala pafoni akuti n'zoona, ndi dziko lonse, ngakhale kwa azungu. Mwana ndi mwana, amakhulupirira chilichonse.

Koma vuto langa si ndege. Vuto ndi dzulo. Dzulo ndinatsazika mpingo wonse nditaima kutsogolo. Abusa anandisanjika manja. Mbuzi inafa. Ndipo a Tembo, oyandikana nawo nyumba, ndinawasiyira njinga ndi kuwauza pamaso pa anthu kuti, "Ena tikamauluka, ena azilondera nkhuku." Anthu anaseka. Munthu woyankhula chotero angabwerere mawa lake atasenza mtedza wake womwewo?

Ndatsika minibasi patali, ndadikira kuti kude, ndalowa kwathu podzera m'chimanga. Nzeru ndi iyi: ndikhala kuchipinda mwezi umodzi, kenako ndifika kuchokera ku Joni. Nabanda wangoti, "Chabwino, bambo a Tadala." Wavomera msanga kwambiri. Sindinazikonde.

Lachiwiri

Malamulo a ku Joni kuno: osatsokomola, osayatsa wailesi, osakalipira nkhuku ngakhale zilowe m'nyumba.

Galu wagona pansi pa windo langa tsiku lonse, akugwedeza mchira. Galu ameneyu sanandikondepo chibadwire. Lero wayamba chikondi. Wamutuma ndani?

Chimbudzi chili panja, ndinaiwala kuchiwerengera. M'mamawa ndafunda chitenje cha Nabanda kumutu, ndayenda mwachizimayi. Kuseri kwa mpanda a Tembo akuti, "Mwadzuka bwanji, mayi?" Ndangokweza dzanja. Iwo akuti, "Mwanenepatu masiku ano."

Ndabwerera kuchipinda mtima ukupweteka. Ndachoka dzulodzuloli, munthuyu wayamba kale kuyeza thupi la mkazi wanga.

Lachitatu

Azimayi a chigwirizano abwera kudzafunsa ngati ndafika bwino. Ndikumvera khutu lili pachitseko. Nabanda akuti, "Afika bwino. Akuti kukuzizira, akungokhala m'nyumba." Mawu osanjenjemera n'pang'ono pomwe. Azimayiwo aseka mpaka wina watsamwa. Chosekesa n'chiyani pa nkhani ya kuzizira?

Ndipo bodza losalala chonchi mkazi wanga analiphunzira kuti? Ndakhala naye zaka zonsezi ndikuyesa ndi munthu wosadziwa kunama. Tsopano ndikukumbukira nkhuku yathu yoyera ija imene anati inatengedwa ndi kabawi.

Masana kwabwera a Tembo, pa njinga yanga, akuliza belu ngati anagula ndi iwo. Akhala pakhonde, penipeni pa windo langa. Abweretsa chimanga chootcha chiwiri. "China mudye nokha, mayi, china mupatse mphaka." Ife tilibe mphaka. Ndi mmene amayambira amuna a mtundu umenewu, kupereka ziwiriziwiri kuti aoneke odzala manja.

Chimangacho ndadya. Chinali chabwino, ndipo zimenezi zandikwiyitsa kwambiri.

Lachinayi

Ndege! Yadutsa cha m'ma teni, ndaiona ndi maso angawa pa mng'alu wa windo. Ndaimbira Tadala monong'ona. Akuti imeneyo ndi ya katundu, yanyamula mankhwala, anthu sakwera. Ndiye kuti katoni ili ndi ufulu kuposa ine? Akanandiika pakati pa makatoniwo, ine sindikanadandaula, mpando ndi wa chiyani.

Tadala akuti khanda likufanana nane mphuno. Ndinkafuna kukaliona ndekha, kulinyamula lisanayambe kudziwa anthu. Zimenezi zikundiwawa, ndisaname.

A Tembo ali m'chigafa mwanga akuthandiza Nabanda kusankha fodya. Ndikumva akuti, "Uyu ndi uyu ndi yemweyo, phatikizani." Si yemweyo! Winayo ndi wa masamba a pansi. Ndaluma pilo.

Madzulo abweranso ndi mandimu. "Mayi, ndakumvani mukutsokomola. Chifuwa chake n'chachikulu, ngati cha munthu wamwamuna wosuta." Nabanda waseka. Kuseka kumeneko anandisekera komaliza tili pa chibwenzi.

Ndamufunsa kuti a Tembo akufuna chiyani pakhomo pano tsiku ndi tsiku. Akuti, "Si munawasiya nokha kuti azilondera?"

Lachisanu

Mwezi ndi wautali. Ndikapitiriza kukhala ku Joni kuno ndidzapeza njinga yatha matayala, fodya wasakanizidwa, mkazi wapita. Ndifika mawa.

Ndatuma Nabanda ku boma akagule mphatso zochokera ku Joni. Wabwera ndi sopo, mabisiketi, ndi chipewa cha abusa. Pa mabisiketi palembedwa kuti ndi a ku Zambia, olowera pa Mwami pomwepa. Ndikuganiza kuti wachitira dala. Ndapala malembowo ndi lezala, paketi yabooka, ndadya atatu kuti asaonongeke.

Nkhani yake ndaikonza. Ndinapita ndi ndege yomaliza. Ndaona khanda. Pobwera ndege zinali zitaima, ndiye ndakwera thiraki ya katundu mpaka pa boda. Akandifunsa za m'ndege ndinena kuti makutu amatseka, ndipo nyumba zimaoneka ngati zibokosi za machesi. Zimenezi ndinamva kwa aphunzitsi ena, sizingalakwike.

Mtedza wa Tadala watsala theka. Mbewa, kapena Nabanda akupatsa a Tembo. N'zoona kuti makoko ali pansi pa bedi langa, koma zimenezo sizitsimikiza kanthu.

Loweruka

Ndatuluka podzera m'chimanga, suti m'thumba, ndavalira kudambo. Pamsewu ndakwera kabaza, ndamuuza aziliza belu kuyambira pa mjigo.

Anthu atuluka, inde, koma palibe wothamangira sutikesi. Aima patali, manja kumbuyo. Ana amene ndatambasulira mabisiketi akokedwa ndi amayi awo.

A Tembo akuti, "Takulandirani, achimwene. Mwachokeradi ku Joni?"

Ndati ee.

"Nenaninso mokweza, amve alangizi."

Ndi pamene ndaona mlangizi wathu wa zaumoyo, mtsikana wa yunifolomu yabuluu, nsalu pakamwa, ataima pansi pa mango ngati anachita kumuitana. Akuti, "Bambo, ndifunse mwaulemu. Mwachokera kunja kwa dziko? Chifukwa ngati ndi choncho, lamulo ndi lakuti mukhale m'chipinda panokha masabata awiri. Ngati simunapite, palibe vuto, mungonena."

Mungonena. Mudzi wonse watchera khutu, ngakhale nkhuku. Abusa ali pomwepo. Azimayi a chigwirizano ali pomwepo. Ndayang'ana Nabanda kuti andithandize, iye akuyang'ana kumwamba ngati akufuna ndege.

Ndakonza tayi. Ndati, "Ku Joni kwenikweni, mayi. Kukuzizira koopsa."

Andiperekeza mpaka pakhomo, ali patali, akuomba m'manja.

Lamulungu

Chipinda chomwechija. Bedi lomwelija. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano chitseko akutseka ndi Nabanda, chakunja, ndipo ndikhoza kutsokomola.

Chakudya chikulowera pa windo. Popereka mbale Nabanda akuti, "Bambo a Tadala, ndikuuzeni kuti mugone bwino. Anthu onse akhala akudziwa kuyambira Lachiwiri."

Ndafunsa kuti wawauza ndani.

"Wailesi inanena kuti ndege zaima. Galu ananena kumene muli. Ndiponso m'mudzi muno mulibe mzimayi wopita kuchimbudzi atavala jombo."

Alangizi nawonso?

"Nawonso. Akuti anakufunsani mwaulemu, mwasankha nokha."

Ndiye chimanga chija, mandimu aja, anali anga. A Tembo sankafuna mkazi wanga, ankadyetsa ine. Sindikudziwa choipa kwambiri pa ziwirizi.

Kutchalitchi akuti apempherera m'bale wathu wobwera kuchokera kutali, ndipo ameni yake inamveka mpaka kumsewu. Abusa avala chipewa chija.

Tadala waimba, waika foni pafupi ndi khanda. Ndalimva likulira, mawu amphamvu, a kwathu. Ndamuuza kuti ndege zikadzayamba kuuluka ndidzanyamuka osatsazika ngakhale galu.

Madzulo belu la njinga yanga lalira pa windo. "Pumulani, achimwene, ulendo unali wautali. Nkhuku tikulondera."

Ndati zikomo. Ndakhala pansi, ndamaliza mtedza wa Tadala.