Pikapu ya Che Bwanali Yosabwerera M'mbuyo

Ankati Che Bwanali, mwini golosale wa pa Lirangwe, ali ndi chizimba. Ine ndinamva kwa mnzanga Getrude, ndipo Getrude sanama tsiku lililonse ayi, amapumirako. Akuti sing'anga wina wa kutsidya kwa Shire anawauza kuti galimoto yawo ikadzangobwerera m'mbuyo, ngakhale phazi limodzi, chuma chawo nacho chidzabwerera komwe chinachokera. Kunena zoona mtima wanga unkavomerako pang'ono, pakuti zaka khumi ndi chimodzi panalibe munthu anaionapo pikapu ija ikuyenda cham'mbuyo.

Inu, tamverani. Pikapuyo inali ya dizilo, anagula kwa mzungu wa pa esiteti ya fodya amene ankabwerera kwawo. Utsi wake ngati uvuni wa njerwa, chitseko chomanga ndi linya, nyali imodzi yoyang'ana kumwamba ngati ikufunsa za mvula. Koma eni ake akayamba kutama giyabokosi, mumachita kusowa pothawira.

"Iyi sinatsegulidwepo," ankatero, akumenya ndodo ya giya. "Bawuti yake ngakhale imodzi sinalawepo sipanala."

Ankanena dala pamaso pa Lyford, makanika wa pamsika, mwamuna wake wa Getrude yemwe uja.

"Che Bwanali, tadzabweretsani tsiku lina tiione," ankatero Lyford.

"Uone chiyani? Galimoto ikabwera kwa iwe ndi chifuwa imachoka ndi chifuwa ndi m'mimba momwe. Usadzaigwire, wamva?"

Chimene sitinkadziwa ndi ichi. Tsiku lomwe anaigula, atafika pakhomo, anayesa kulowetsa livesi, giya yobwerera m'mbuyo. Kukankha ndodo kumanja, ayi. Kumanzere, ayi. Kukoka ndi manja awiri, giya kumangokukuta mano. Pa lole imene anaphunzirira kuyendetsa, livesi inkangolowa yokha. Anadziwa kuti mzungu uja wawagwira m'maso. Koma mbuzi anali atapha kale, mpunga anthu atadya, Lirangwe yonse itamva kuti Che Bwanali sapusitsidwa pa malonda. Akanauza ndani? Ndiye mphekesera ya chizimba itayamba, anailandira ndi manja awiri. Kuli bwino anthu akuope kusiyana ndi kuti akuseke.

Koma bodza limafuna bwalo lalikulu. Pakhomo anaboola zipata ziwiri, cholowera ndi chotulukira, nadula mapapaya onse a akazi awo kuti apeze pozungulira. Tsiku lina anapitirira pokhotera pa Mdeka ndi mapazi asanu okha. Anayenda mamailosi anayi kufunafuna bwalo la mpira loti atembenukirepo, nkhuku za malonda zikukomoka kumbuyo. Ku Chigaru anaperekeza mkwatibwi, njira n'kuthera pa nkhokwe. Bambo anangolowa m'munda wa nandolo wa apongozi a mwini ukwati, kutulukira kuseri kwa chimbudzi, nkhope ili gwa ngati ndiyo njira ya masiku onse. Makiyi ankagona nawo m'thumba. Palibe anakhalapo pa mpando uja koma iwo okha.

Ndiye chinafika chaka cha 1978. Kunabwera uthenga wa chipani kuti mwini dziko akuchokera kunja, aliyense wa galimoto anyamule amayi okavina ku bwalo la ndege ku Chileka. Masiku amenewo munthu sunkafunsa za dizilo. Mayi Lenia, tcheya wathu wa amayi, anatilongedza anthu makumi awiri ndi awiri, nsalu zofanana, ng'oma pamiyendo. Inenso ndinalimo, pafupi ndi utsi.

Titafika, Che Bwanali anaona malole ndi mabasi ali pa mzere, fumbi lili koboo. Iwo aime ndi malole? Anaona kamsewu kena kosesa bwino, kopanda munthu, miyala yopaka laimu uku ndi uku. Analowa. Kutsogolo geti yotseka. M'mbali ngalande zakuya. Unali msewu wodzatulukira mdipiti wa mwini dziko.

Anabwera sajeni wa polisi, wamfupi, wa masharubu.

"Bambo, bwererani m'mbuyo."

"Nditembenukira kutsogoloku, bwana."

"Kutsogolo kuti? Mukuona njira inu? Ndege yatsala pang'ono kutera. Bwererani."

Che Bwanali anagwira chiwongolero, thukuta likutsika m'kapu. Ankadziwa anthu amene anasowa pa zifukwa zochepa kuposa ichi. Anyamata a malaya ofiira, a yufi a chipani aja, anayamba kusendera, mmodzi akugubuduza chibonga m'manja.

"Mukukana lamulo la boma?"

"Ayi, bwana, kungoti galimotoyi ili ndi khalidwe lake."

Apa ndi pamene Mayi Lenia anati athandize. Anatsika, kugwada pang'ono, n'kunena mwaulemu wonse:

"Pepani bwana, sangathe. Ali ndi chizimba."

Sajeni anavula chipewa, kuchiyang'ana m'kati, kuchivalanso.

"Mankhwala. Mwabweretsa mankhwala pa msewu wodutsa mwini dziko."

Ng'oma zonse zinati zii. Ine ndinayamba kuganiza za ana anga. Che Bwanali anaona kuti apa pali njira ziwiri zokha: ndende yopanda tsiku lotuluka, kapena kuseka kwa amayi makumi awiri ndi awiri. Ndipo ndikuuzeni, bamboyo anayamba waganiza kaye.

"Livesi inafa, bwana," ananong'ona.

"Kwezani mawu."

"Livesi inafa. Ndinagula ili yakufa kale. Chizimba ndilibe."

Sajeni uja, kani anali dalaivala wa polisi zaka zambiri. Anawatulutsa ndi kolala, kukhala pampando, kuponda kilatchi. Anagwira ndodo ya giya ndi zala ziwiri, kuikweza m'mwamba pang'ono, kuikankhira pambali. Inalowa mwakachetechete ngati supuni m'phala. Pikapu inabwerera m'mbuyo myaa, ife tili momwemo, mpaka pa mzere wa malole.

"Yafa pati?" anatero sajeni, akuwaponyera makiyi m'fumbi. "Zamtunduwu mumayamba mwakweza ndodo. Giyabokosi yabwino chonchi kugwa m'manja mwa mbuzi. Chokani, ndisakuoneninso."

Tsiku limenelo tinavina kuposa amayi a maboma ena onse, chifukwa tikaima tinkayamba kuseka.

Sabata yotsatira Che Bwanali anati ayese okha pakhomo. Zaka khumi ndi chimodzi osayang'ana kumbuyo, khosi linali litaiwala. Anagwetsa chipata cholowera, khola la mbuzi ndi mtondo wa akazi awo. M'mawa mwake anapita kwa Lyford, kapu ili m'manja.

"Achimwene, ine sindinkadziwa kuti ndodoyi imakwezedwa. Mundiphunzitse, koma zithere pompano."

Lyford anapukuta manja pa sanza, osafulumira.

"Ine ndinadziwa sabata yoyamba, Che Bwanali. Ndinakuonani pa mpanda mukulimbana nayo."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Munati ndisadzaigwire."

Zija zoti zithere pompano zinafika kwa Getrude nthawi ya chakudya chamasana. Ndipo ndi pomwepo Lyford anaululira mkazi wake chotsala: sing'anga wa kutsidya kwa Shire uja anachita kumupeka iye mwini Lyford, kuti aone kuti bamboyo azungulira zaka zingati.