Miyendo ya Chiwala cha Bwana

Ntchito ya kunjanji ndinachedwa nayo zaka ziwiri zathunthu, ndipo amene anandichedwetsa si wina ayi koma zala zangazi.

Nkhondo ya Hitila isanayambe ndinali wa m'galadeni ku Mutare (tinkati Umtali), kwa mzungu wina wokalamba amene adakhalako ku Zomba ndipo ankayesako Chinyanja. Bamboyu misala yake inali tizilombo. Agulugufe, ziwala, nkhululu, zonse ankazibaya ndi mapini n'kuzindanditsa m'mabokosi agalasi. Ndiwo zabwinobwino, koma zongoyang'ana!

Chimene chinkamusowetsa mtendere chinali chiwala china chofiira pamimba, chokhala pamwamba penipeni pa mapiri a Vumba. Anandilonjeza kuti ndikachipeza andilembera kalata yokalowera ntchito kunjanji. Anthu inu, kunjanji kunali yunifomu ndi nyumba ya njerwa. Ndinkakufuna ndi mtima wonse.

Tinakwera Vumba kasanu, iye ndi kaukonde patsogolo, ine ndi mabotolo pambuyo, chifunga chili tolo. Ulendo wachisanu ndi chimodzi miyendo inamukana, ananditumiza ndekha. Dzuwa lili paliwombo ndinachiona pamwala, mimba ili psuu. Ndinachiwakha ndi dzanja, kaukonde ndinaiwalako.

Tsono kwathu ku Ntcheu munthu ukagwira chiwala suchita kuganiza. Umathyola miyendo ikuluikulu ija kuti chisathawe, umathothola mapiko, basi. Pamene mutu unkati "kalata ija yapezeka", zala zinali zitamaliza kale ntchito. Miyendo ndi mapiko zinali zitapita ndi mphepo m'chigwa. Ndinakhala pansi n'kulira ngati pamaliro.

Nditafika kunyumba ndinalowera kukhitchini kwa aPhiri, khukhi wathu.

"Achimwene, ndaphedwa. Taonani."

Anachitembenuza. "Chonona bwanji! Bwanji tingokazinga?"

"Musandiseke, chonde."

"Usade nkhawa mphwanga. Ziwala zatha m'galadenimu? Ulimbo ndili nawo."

Tinagwira chiwala wamba pa kabichi, n'kubwereka miyendo ndi mapiko, n'kumata ndi ulimbo wokolera mbalame. (Mwendo umodzi unayang'ana kutsogolo, koma aPhiri anati azungu saona bwino.)

Bwana anachilandira pakhonde. Anatulutsa galasi lake lokuza zinthu, kuyang'ana, kuyang'ananso.

"Mimba wofiira, mwendo wobiriwira! Iwe, uyu palibe m'buku. Uyu watsopano! Ine kutumiza ku Ingalande, ine kum'patsa dzina yako."

Ndikanaulula pomwepo. Koma dzina langa ku Ingalande? Ndinangoti, "Inde bwana, nanenso chinandidabwitsa." Ndinawonjezanso kuti chimadumpha chobwerera m'mbuyo. Analemba zimenezo.

Koma dzuwa la Okutobala silisunga chinsinsi. Ulimbo unayamba kusungunuka. Bwana atasendeza nkhope kuti aonetsetse, mwendo unachoka n'kukakamira ku ndevu zake. Pofuna kuuchotsa, phiko linamatirira kuchala. Kukhitchini ndinamva aPhiri akutsokomola dala.

Anandiyang'ana, mwendo uli lende pachibwano.

"Mwendo wake weniweni uli kuti?"

"Uli ku Vumba, bwana."

"Iwe kudya?"

"Ayi bwana, miyendo sitidya. Timadya kwinaku."

Sanandichotse ntchito, ndipo mwina kundichotsa kukanakhala bwino. Anangoti kalata idzabwera ndi chiwala chathunthu. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndinali paphiri, m'manja nditavala masokosi a bwana (nzeru za aPhiri zimenezo) kuti zala zisachite zawo. Ashona okhala m'njira anafika pondizolowera, ankangoti wamasokosi uja wadutsa.

Chachiwiri ndinachipeza patatha zaka ziwiri. Kalata ndinalandira, koma pofika kunjanji ndinapeza mnzanga amene ndidachoka naye ku Nyasalande ali kapitawo, ndipo ndi amene ankandituma. Zinandiwawa zedi.

Mukuganiza kuti ndinaphunzirapo? Dzana lomweli chiwala chinatera pabondo langa m'tchalitchi, abusa ali pakati pa ulaliki. Pamene ndimati ndichiingitse, ndinapeza miyendo ili kale pansi.